Nyali za Kankhani M'balani ya Fodya

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, chifukwa ndi chaka chomwe ndinatsala pang'ono kugonetsa ndi njala mabanja asanu ndi atatu a m'mudzi mwathu ku Wimbe, ndipo ndinachita zimenezo ndi mtima wabwino ndithu. Zinali zaka za makuponi a feteleza. Kapepala kameneko ena ankakasunga m'Baibulo, ena m'kachitini ka machesi, ndipo munthu akadzuka m'mawa ankayamba waona ngati kadakalipo asanasukusule n'komwe.

Bambo anga, a Mbewe, anali ndi pikapu yoyera yakalekale imene anagula chaka china fodya atawayanja. Anthu anaitcha Kankhani, poti mawu oyamba kumveka pabwalo pathu m'mawa uliwonse anali amenewo. Bambo sankaipidwa nalo dzinalo. Ankati galimoto yolira yokha imaphunzitsa anthu ulesi, pamene yawoyo inkalimbitsa mudzi wonse miyendo. Inali galimoto yokhayo m'dera lathu, choncho inkanyamula mabelo a fodya, odwala, akwati ndi mbuzi, nthawi zina onsewa ulendo umodzi.

Ine ndinali mwana woyamba, ndipo pamene atsikana anzanga ankasewera fulaye ndi phada, ine ndinkangozungulira Kankhani ndi chidebe ndi sanza. Kutsuka galimoto inali ntchito yanga, ndipo sindinkalola munthu wina kuikhudza. Bambo anayamba kunditcha injiniya. Akamatsegula boneti pamaso pa alendo ankakuwa kuti, "Edina, injiniya wanga, tabwera nayo sipanala!" Ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba ngati kuti ndine amene ndinaipanga galimotoyo. Kunena zoona, chimene ndinkadziwa chinali kusiyanitsa sipanala yaikulu ndi yaing'ono basi.

Ndinali ndi kamasewera kanga kamene bambo anali atandiletsa kale. Iwo akamafika madzulo kuchokera ku Boma nyali zili zoyaka, ndinkakonda kukapiza madzi ozizira a pamjigo pagalasi lotenthalo kuti ndimve likuti tsiii, nthunzi ikukwera. "Nyali ziyambe zapola kaye," ankatero bambo. Ine ndinkavomera ndi mutu, koma iwo akangolowa m'nyumba dzanja linkapita lokha ku kapu. Tsiku lina madzulo, m'malo mwa tsiii ndinamva kaphokoso kena, kakang'ono, kakuti tha. Nditayang'anitsitsa ndinaona mng'alu pakona ya pamwamba ya nyali ya kumanzere, wosafika n'kutalika kwa chala changa chaching'ono. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinapukutapo ndi sanza, n'kukakhala kukhitchini ngati mwana wabwino, ndipo sindinauze aliyense.

Nyengo ya dzuwa mng'aluwo unandisungira chinsinsi. Koma mvula yoyamba itagwa, nyali ija inayamba kuchita nkhungu mkati. Poyamba kanali kautsi chabe kamene kankatha dzuwa likakwera. Kenako timadontho tinayamba kulendewera kugalasi monga timachitira pachivundikiro cha mphika, ndipo patatha milungu iwiri pansi pa nyaliyo panali kadziwe ndithu, komwe kankagwedezeka galimoto ikamayenda. Ana a m'mudzi ankasuzumiramo n'kumanena kuti posachedwa muswa ambululu. Bambo ankangoseka, amvekere Kankhani wakalamba, wayamba kulengeza misozi. Ine ndinkaseka nawo, koma maso ali pa mng'alu uja.

Kuseka kunatha Lolemba lina. Bambo anapita ku Boma kukafunsa za feteleza, ndipo anabwerako nkhope ili gwa. Anamva kuti feteleza wa makuponi ayamba kugulitsidwa Lachinayi m'mawa, ndipo aliyense ankadziwa kuti wofika dzuwa litakwera amapeza matumba atatha. Mabanja asanu ndi atatu anali atagwirizana kale kuti Kankhani ndiye adzawatenga m'bandakucha n'kubwera nawo pamodzi ndi matumba awo. Vuto linali lakuti pobwerera Lolembalo wapolisi wa pa lodibuloko anaimitsa bambo, n'kuwerama pa nyali ya kumanzere ija, n'kuwauza kuti aiyatse. Kuwala kwake kunali kofiirira ngati kwa koloboyi. Wapolisiyo anawauza mwaulemu koma mosabisa kuti akadzaionanso nyaliyo ili choncho, galimoto idzagona pomwepo. Bambo anabwereranso ku Boma n'kuzungulira mashopu onse a zipangizo za galimoto, koma wogulitsa wina anawauza kuti galimoto za mtundu umenewo anaziona komaliza ali mwana.

Madzulo omwewo kunabwera a Nangondo, mayi wamasiye amene ankalera zidzukulu zitatu kuseri kwa nyumba yathu. Chimanga chawo chinali chitamera bwino koma masamba atayamba kale chikasu. Anamasula duku, n'kutulutsamo kuponi yawo yopindidwa kanayi, n'kuionetsa kwa bambo ngati kuti bambo anali asanaionepo.

"A Mbewe, Lachinayi lija lidakalipo?"

"Lilipo, mayi, lilipo," anatero bambo, koma maso anali pa nyali ija.

Lachiwiri kunacha mvula itagwa yokwanira, ndipo mlimi wa fodya sakhala pakhomo tsiku lotero. Bambo ndi amayi anapita kukawokera mbande, ndipo bambo anati za nyali aziona Lachitatu. Ine ndinaweruka kusukulu masana n'kupeza pakhomo pali zii, Kankhani ali pansi pa mtengo wa mango akundiyang'ana ndi diso lake lamadzi. Pamenepo nzeru inandibwerera, ndipo ndinaiona kuti ndi nzeru yaikulu. Madzi akulowa chifukwa pali polowera. Ndikatseka polowerapo, nkhani yatha, bambo sadziwa za mng'alu, ndipo injiniya atchuka mpaka ku Boma.

Amayi ankasunga phula lakuda m'chitini, lomatira zidebe zodontha ndi mabowo a malata. Ndinalitenthetsa pa makala mpaka linafewa, n'kumata mng'alu uja bwinobwino ndi kamtengo. Ndikadalekera pomwepo bwenzi mlandu wanga uli wochepa. Koma ndinatsegula boneti monga ndinkaonera bambo, n'kusuzumira kuseri kwa nyali. Kumeneko ndinapeza kapaipi kamphira kopindika, koyang'ana pansi, kakamwa kake kali yasa. Ndinati eyaa, wakuba uja ndi uyu. Ndinakadzaza phula mpaka kukhosi. Ndinamatanso m'mbali mwa mphira yotchinga babu, ndi pena paliponse pomwe ndinaona kampata. Nditamaliza ndinayang'ana nyali ya kumanja, yomwe inali yowala bwino yopanda vuto lililonse, n'kupeza kuti nayonso ili ndi kapaipi kotero. Ndinadzifunsa kuti injiniya wanzeru angadikire kuti nayonso idwale? Ndinaimata nayonso. Kenako ndinatsuka kuseri konseko ndi madzi ambiri kuti pasaoneke zala zanga, n'kutseka boneti.

Madzulo amenewo ndinadya ndiwo kawiri, ndikuimba. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo amalonda anga anafika Lachitatu m'mawa.

Ndinadzutsidwa ndi mawu a bambo akuitana amayi panja. Nditatuluka ndinapeza Kankhani wachita khungu maso onse awiri. Nyali ya kumanzere inali yoyera mbuu, moti ngakhale babu silinkaoneka, ndipo ya kumanja ija, yomwe chigulireni inali isanachitepo nkhungu, inali itachita thukuta kuyambira pamwamba mpaka pansi. Bambo anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana iyi, akuyang'ana iyo. Anthu opita kumunda anayamba kuima pamsewu makasu ali paphewa. Wina ananong'ona kuti izi si zachilungamo, pali wina sakufuna kuti anzake athire feteleza chaka chino. A Nangondo anafika n'kungokhala pansi pakhonde, dzanja lili pa duku lomwe munali kuponi yawo. Kuwaona chomwecho kunandipweteka kuposa mkwapulo uliwonse umene ndinalandirapo.

Amayi anga ndi a NyaZgambo, ochokera ku Kaluluma, ndipo zinthu zikafika povuta Chitumbuka chinkatuluka chokha. Iwo sanayang'ane nyali nthawi yaitali. Anayang'ana ine, kenako manja anga amene ndinali nditawabisa kumbuyo.

"Edina, zanga kuno."

Ndinawatsatira kuseri kwa khitchini. Anagwira dzanja langa n'kulitembenuza. Phula linali lili m'zikhadabo zonse khumi, lakuda bii, ngakhale ndinali nditakwecha ndi mchenga.

"Wachita vichi, mwana wane?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira madzi a pamjigo aja, mng'alu, mpaka timapaipi. Ndinkalira kwinaku ndikufotokoza, mamina ali chuchuchu. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati nkhani yotereyi siyenda ndi mthenga, mwini wake ndiye amakaitula. Anandikankha pang'ono pamsana, ndipo ndinayenda mtunda wochoka kukhitchini kufika pamtengo wa mango ngati ndikupita ku Lilongwe wapansi.

Bambo anamvetsera osaphethira. Anatsegula boneti, n'kugwira kapaipi kaja, n'kununkhiza chala chawo. Ndinadikira mbama. M'malo mwake mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anatembenukira kwa anthu aja pamsewu.

"Pitani kumunda, abale, mfiti yapezeka, ndi yam'nyumba momwe muno. Akulu anati safunsa anadya phula. Wangayu phulalo wadyetsa galimoto."

Anthu anaseka n'kumapita, koma ine ndinaona kuti kuseka kwa bambo sikunafike m'maso. Anandiuza kuti timapaipi timeneto ndi mphuno za nyali, ndimo imapumira. Nyali ikatentha mpweya wonyowa umatulukira mmenemo, ndipo timayang'ana pansi dala kuti mvula isalowe. Ine ndinali nditatsekera chinyezi chonse mkati, n'kuwonjezera china ndi madzi anga otsukira aja. Tsopano kunatsala tsiku limodzi, kumwamba kunali mitambo yokhayokha, dzuwa loti n'kuyanikapo kanthu kunalibe.

Bambo anamasula nyali zonse ziwiri, n'kuchotsa mababu, n'kukhuthula madzi. Ine anandipatsa sipoko ya njinga kuti ndikolokose phula langa lonse, ndipo ndinakolokosa mpaka zala zinachita matuza. Koma ngakhale madzi anachoka, nkhungu inakanirira kugalasi mkati, komwe sanza sinkafika. Bambo anati asonkhe moto waukulu pabwalo aziwambe pamenepo ngati nsomba.

"Yayi," anatero amayi. "Galasi lang'aluka kale limenelo, mukaliopseza ndi moto limalizika. Bweretsani kuno. Chinyezi ndi ntchito yanga."

Apa ndiyenera kufotokoza kuti pakhomo pathu bambo ankayendetsa galimoto ndi kulima, koma woumitsa fodya anali amayi. Anaphunzira kwa bambo awo, amene anagwira ntchito ya m'mabalani pa esiteti ina moyo wawo wonse. Balani yathu inali nyumba yaitali ya njerwa, yokhala ndi ng'anjo kunja, mapaipi otentha oyala pansi mkati, timazenera tiwiri m'munsi ndi kena kamodzi pamwamba pafupi ndi denga. Amayi sankafuna chida choyezera kutentha. Ankangolowetsa nkhope pakhomo, tsaya n'kuwauza zonse. Amuna a m'midzi yoyandikana ankabwera kudzawafunsa nzeru, ena akunamizira kuti abwera kudzacheza ndi bambo.

Mwezi umenewo balani inali yopanda kanthu, poti fodya anali akadali mbande. Pansi pake panali ponyowa ndi mvula, njerwa zikununkha chinyontho ndi fungo lokoma la fodya wa chaka chatha. Amayi anamangirira nyali ziwirizo pa mikangala, mitengo ija timapachikapo masamba, kumabowo a mababu kutayang'ana kumwamba, kutali ndi mapaipi. Anatsegula timazenera tonse titatu, n'kusonkha kamoto kakang'ono m'ng'anjo, ka nkhuni zitatu zokha. Kenako ananditembenukira.

"Chilango chako ndi ichi. Kusukulu sukupita lero. Ukhala pano. Nkhuni zitatu, imodzi ikatha uikepo imodzi. Mazenera asatsekedwe. Kaya abwere ndani."

Atatero ananyamula khasu n'kupita kukamaliza kuwokera, chifukwa mbande zozulidwa sizidikira nyali ya munthu.

Ndinakhala pa njerwa pafupi ndi ng'anjo, utsi ukundilowa m'maso, ndikuwerenga nkhuni zanga zitatu ngati mlonda. Nthawi ndi nthawi ndinkatsegula chitseko pang'ono n'kusuzumira. Kwa nthawi yaitali sindinaone kusintha kulikonse. Kenako pakati pa galasi la kumanja panaoneka kamalo koyera ngati ndalama yachitsulo, ndipo kanayamba kukula pang'onopang'ono. Mtima wanga unayamba kutsika.

Cha m'ma leveni bambo anabwera kuchokera kumunda, matope ali m'maondo. Anasuzumira m'balani, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ana kamoto kaja, n'kupukusa mutu.

"Moto umenewu ngwootchera mbatata ya mwana. Tikafika Lachinayi la chaka chamawa."

"Amayi anati nkhuni zitatu."

"Amako amadziwa fodya. Galimoto ndi ine."

Anaponyamo zikuni zinayi zikuluzikulu, kenako anazungulira balani n'kutseka timazenera ta m'munsi ndi njerwa, n'kukwera pamakwerero kukatseka ka pamwamba ndi chisaka. Anati kutentha kukuthawira kunja, tikungotenthetsa mitambo. Atatero anapita kumjigo kukasamba matope, akuimba mluzu.

Ndinatsala ndekha pakati pa mawu awiri, a amayi ndi a bambo, ndipo kwathu mwana sasankha pakati pa amenewo. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinatsegula chitseko. Mpweya umene unandimenya kumaso unali wolemera, wonyowa, ngati wa m'bafa munthu atangosambamo madzi otentha. Pansi ponyowa paja ndi njerwa zija zinali zikutulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo inalibe kopita. Nditayandikira nyali ndinapeza kamalo koyera kaja katsekeka, magalasi onse awiri akuchucha thukuta mkati ndi kunja komwe. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana, ndipo ndinazindikira chinthu chimene chinandidabwitsa kwambiri. Bambo anga, eni ake a galimoto, anali atachita ku balani zomwe ine ndinachita ku nyali dzulo lake.

Sindinathamangire kumunda kukaitana amayi, chifukwa kunali kutali. Ndinagwada n'kuchotsa njerwa zija m'timazenera. Ndinakwera makwerero n'kusolola chisaka chija. Nthunzi inatuluka pamwamba ngati balani ikuusa moyo. Kenako ndinatenga khasu n'kukokera kunja zikuni zinayi za bambo, n'kuzikwirira ndi dothi. Ndikumaliza, bambo anatulukira ali ndi thaulo pakhosi, ndipo kumbuyo kwawo kunkabwera amayi, amene anali ataona utsi wakuda ali kumunda n'kusiya khasu.

"Wazimitsa ndani moto wanga?" anafunsa bambo.

"Ndine," ndinayankha, mawu akutuluka ang'onoang'ono. "Munaitseka mphuno, bambo. Imalephera kupuma."

Amayi analowetsa nkhope pakhomo la balani, n'kuyang'ana zikuni zofuka zija, n'kuyang'ana njerwa, kenako n'kuyang'ana amuna awo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Abambo ake Edina, ine ndimadabwa kuti mwanayu nzeru zomata mabowo anazitenga kuti. Lero ndadziwa."

Bambo anakanda m'mutu. Kenako anaseka, ndipo ulendo uno kuseka kunafika m'maso. Anati chabwino, m'nyumba muno mainjiniya alipo awiri ndipo onse ndi ofunika kuwayang'anira. Anakhala pa njerwa pambali panga, ndipo masana onsewo tinalondera limodzi nkhuni zitatu zija, wina akafuna kuwonjezera mnzake n'kumugwira dzanja. Amayi anatibweretsera chimanga chokazinga m'mbale imodzi, n'kunena kuti akaidi amadyera pamodzi.

Dzuwa likupendeka amayi analowa m'balani n'kutuluka ndi nyali ya kumanja. Anaiyang'anitsa kumwamba, n'kuitembenuza, n'kuigunditsa patsaya. Inali youma, yowala ngati yatsopano. Ya kumanzere inatenga kanthawi kena, koma nayonso inayera. Sanalole kuti tizitulutsire kumphepo nthawi yomweyo. Anazimitsa moto n'kuzisiya zipole momwemo pang'onopang'ono, monga amachitira ndi fodya. Zitapola, anatenga phula lomwe lija n'kumata mng'alu wokhawo, kamzere kamodzi kopyapyala, n'kundipatsa timapaipi tija kuti ndipemereremo ndione ngati mpweya ukudutsa. Bambo anabwezera mababu atawagwira ndi kansalu, n'kumanga zonse m'malo mwake, timapaipi titayang'ana pansi.

Lachinayi tambala woyamba atalira, anthu anali atadzaza kale pabwalo, aliyense dzanja lili pamene pali kuponi yake. Ine ndinayamba ndathamangira kutsogolo kwa galimoto n'kugwira magalasi. Kunja kunali mame, koma mkati munali mbee. Amuna anakankha, Kankhani anatsokomola kawiri n'kulira, ndipo bambo atayatsa nyali kuwala kunafika mpaka ku nkhokwe ya a Nangondo. Amayi a m'mudzi analuluta. Bambo anatsegula chitseko cha kutsogolo n'kunena kuti injiniya akwere, mwina panjira pafunika munthu woletsa dalaivala kuchita zopusa.

Padambo panali nkhungu yoti popanda nyali zabwino tikadalowa m'ngalande, koma tinadutsa bwinobwino. Titafika pa lodibuloko kunja kukuyera, wapolisi yemwe uja anakweza dzanja. Anabwera pang'onopang'ono, n'kuwerama pa nyali ya kumanzere, n'kugogoda galasi ndi chala, n'kupita ku ya kumanja. Kenako anabwereranso ku ya kumanzere, n'kuyandikitsa mphuno. Nyali zitatentha zinkatulutsa fungo lonse la m'balani.

"Akulu, galimoto yanuyi imasuta fodya?"

"Yangoyamba dzulo, bwana," anayankha bambo. "Tikuilangiza."

Wapolisiyo anaseka mpaka anagwira bondo, n'kutikupizira dzanja kuti tizipita. Tinafika kudepoti mzere usanatalike, ndipo mabanja onse asanu ndi atatu anagula matumba awo. Pamene tinkakweza thumba lomaliza, chitseko cha depoti chinali chikutsekedwa, anthu ambiri akadali panja makuponi ali m'manja. Ndinawayang'ana anthu amenewo nthawi yaitali, chifukwa ndinadziwa kuti pakati pawo pakadakhala a Nangondo, ndipo wowaika pamenepo ndikadakhala ine. Pobwerera a Nangondo anakhala pamwamba pa thumba lawo, atalikumbatira ndi miyendo, akuimba nyimbo za kwaya njira yonse.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza ngati nthabwala, ndipo phunziro lake ndinkati ndi losavuta: ukaswa kanthu nena msanga, ndipo usamate bowo usanafunse ntchito yake. Zimenezo n'zoona, ndipo ndimauza ana anga. Koma phunziro lenileni ndinalipeza mochedwa, ndili kale kukoleji. Ndinabwera kutchuthi nthawi yosankha fodya, ndipo tsiku lina ndili ndi amayi awiriwiri pamphasa, masamba ali pamiyendo, ndinawafunsa kuti kodi zoumitsa nyali za galimoto m'balani anaziphunzira kuti, kapena agogo ankachita zimenezo ku esiteti.

Amayi anaseka mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Ine? Chibadwire ndinali ndisanaigwirepo nyali ya galimoto. Sindinkadziwa ngati galasilo lipirira kapena liphulika. Kumunda kuja mbande ndinkaziwokera chozondoka, maso ali ku utsi."

Ndinawafunsa chifukwa chake tsono analankhula ngati munthu amene wazichitapo kakhumi, osaonetsa mantha ngakhale pang'ono. Anatola tsamba lina, n'kuliyang'ana kuwala, n'kuliika pamulu wake.

"Iwe unkanjenjemera. Abambo ako ankaseka, ndipo akamaseka chomwecho ndiye kuti mantha afika pakhosi. A Nangondo anali pakhonde. Ukuganiza kuti pakhomopo pankafunikanso wamantha wina?"

Lero ndine mayi, ndipo pakhomo panga zinthu zikasokonekera maso onse amatembenukira kwa ine. Nthawi zambiri sindidziwa ngati zimene ndikuyesa zitheka. Pamenepo ndimamvetsa kuti kudekha kumene ndinkakuona pankhope ya amayi sikunali kudziwa zonse, koma inali ntchito imene ankatigwirira, yolemera kuposa kuwokera fodya. Ankatenga chochepa chimene ankachidziwa bwino, n'kuchigwira ndi manja awiri, mantha awo n'kupita nawo kumunda kukawasenza okha, kuti mwana wolakwa apeze mphamvu zokonzera chimene anawononga. Ine ndinakhala pa njerwa ija tsiku lonse ndikukhulupirira kuti zonse zili bwino chifukwa amayi anena, osadziwa kuti tsidya lina la munda iwo ankapemphera kuti galasi lisaphulike.